Phunziro 14: Kodi Feteleza Amachokera Kuti?

Tiwerenge pamodzi

Mvula yayandikira. Minda tasosa, mizere tapanga. Tsopano maso athu onse ali pa thumba la feteleza, amene ena kuno timamutcha adubu.

Thumba limeneli timalidziwa bwino. Timalinyamula pa njinga kuchokera ku Cuamba, ku Mandimba kapena ku Massangulo. Kulemera kwake timakudziwa. Kuwawa kwa mtengo wake timakudziwanso. Koma tsiku lina pa msonkhano wa koperativa mayi wina anaimirira nati, "Abambo ndi amayi, ndifunseko ine. Timchere toyerati amatikumba kuti? Nanga bwanji mtengo wake sutsika?" Tonse tinangoti chete. Woyankha panalibe.

Funso la mayiwa ndi la nzeru. Munthu wodziwa kumene chinthu chimachokera sachimwaza. Tiyeni tiliyankhe.

1. Chakudya cha chimanga chili mu mpweya

Kale tinkazindikira thumba poona mtundu wake basi. Lero tikutha kuwerenga. Pa thumba la yureya palembedwa 46% N. Chilembo N chikuimira nayitrojeni. Nayitrojeni ndiye amabiriwitsa chimanga. Akasowa, masamba a m'munsi amasanduka achikasu, phesi limaonda, chimanga nichibereka tating'ono.

Tsono imvani chodabwitsa. Nayitrojeni sakumbidwa pansi ayi. Ali mu mpweya womwe tikupumawu. Pa magawo 100 a mpweya, magawo 78 ndi nayitrojeni. Wakuta munda wonse usana ndi usiku, koma chimanga sichingamudye. Chili ngati munthu wa njala amene wakhala pansi pa nkhokwe yodzaza, koma alibe makwerero.

Chifukwa chake n'chakuti tizidutswa ta nayitrojeni timayenda tiwiritiwiri, togwirana kolimba zedi. Kuti mbewu zimudye, tiwirito tiyenera kulekana, ndipo kalikonse kagwirane ndi tizidutswa titatu ta mpweya wina wotchedwa hayidrojeni. Zikatero pamabadwa amoniya. Amoniya si mlendo kwa ife. Fungo loswa mphuno lija la m'khola la nkhuku kapena la mbuzi, ndiye amoniyayo. Yureya amapangidwa kuchokera ku amoniya.

2. Pafunika ankhoswe

Titati titsekere nayitrojeni ndi hayidrojeni mu mtsuko umodzi, tingadikire zaka ndi zaka osaona kanthu. Paokha sagwirizana.

Taganizani za mnyamata ndi mtsikana ofuna banja. Paokha sangamange ukwati. Pafunika ankhoswe. Ankhoswe amakhazika pansi mbali ziwiri, nazigwirizanitsa, ukwati nutheka. Kodi ankhoswewo amasanduka mkwati kapena mkwatibwi? Iyayi. Amakhalabe monga analili, ndipo mawa angathe kukaimiranso ukwati wina.

Zinthu za m'chilengedwe nazo zili ndi ankhoswe ake. Ophunzira amati katalisiti. Katalisiti ndi chinthu chimene chimafulumizitsa zinthu zina kugwirizana kapena kusandulika, koma icho osatha.

Amayi, inu katalisiti mumamudziwa kale. Pophika thobwa mumathira chimera m'phala. Phala lija limasungunuka nilitsekemera. Mu chimera muli tinthu tosaoneka ndi maso timene timagwira ntchito imeneyo. Koma chimera timamwera kumodzi ndi thobwa. Mawa pophika lina, pafunika chimera chatsopano. Anthu a m'mafakitale adafuna nkhoswe yolimba, yokhala pamalo amodzi, yosapita nawo m'thumba. Adaipeza mu chitsulo.

Chitsulo chake si cha khasu. Ndi timiyala takuda tating'ono, tokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati m'kati mwa chulu. Nayitrojeni akatera pa chitsulocho, chitsulo chimagwira kachidutswa aka ndi ako, tiwiri tija nitilekana. Hayidrojeni nayenso amatera pomwepo. Amakumana, nagwirana, amoniya nanyamuka. Malo aja atsala opanda kanthu, ena nateranso. Zimangotero osalekeza.

3. Amene adapeza njirayi

Njira imeneyi idapezeka ku Germany. M'chaka cha 1909 mphunzitsi wina wa mu mzinda wa Karlsruhe, dzina lake Fritz Haber, adaonetsa kamakina kakang'ono ka pa tebulo. M'kamakinamo munkatuluka amoniya, dontho ndi dontho. Koma katalisiti wake woyamba adali osimiyamu, chitsulo chosowa kwambiri ndi chodula.

Kampani ya BASF idapatsa Carl Bosch ntchito yokulitsa kamakinako kuti kakhale fakitale. Mnzake Alwin Mittasch adayamba kufunafuna katalisiti wotchipa. Adayesa zinthu zikwizikwi, chimodzichimodzi. Zambiri zidalephera. Potsiriza mwala wina wa chitsulo wochokera ku Sweden udagwira ntchito bwino. Atafufuza adaona kuti chitsulo chimachita bwino chikasakanizika ndi tinthu tina pang'ono, monga potashi. Eya, potashi wonga uja ali m'phulusa lathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bosch naye adakumana ndi zovuta. Mapaipi ake oyamba ankaphulika, chifukwa hayidrojeni wotentha ankafooketsa chitsulo cholimba. Iye adavalika chitsulo chofewa m'kati mwake, naboola timabowo m'chitsulo cha kunja kuti mpweya wodutsa uzituluka. Motero m'chaka cha 1913 fakitale yoyamba idayamba ntchito ku Oppau. Haber adalandira mphotho ya Nobel ya chaka cha 1918, Bosch nalandira yake mu 1931.

Papita zaka zoposa 100, koma mafakitale ambiri akugwiritsabe ntchito nkhoswe yomweyo ya chitsulo. Akatswiri amati pafupifupi theka la anthu a pa dziko lapansi amadya chakudya cholimidwa ndi nayitrojeni wopangidwa motere.

4. Fakitale yosagona

Ntchito zina timagwira ngati kusinja mu mtondo. Timathira, timasinja, timakhuthula, n'kuyambiranso. Fakitale ya amoniya siyenda choncho. Imayenda ngati mtsinje.

Kumbukirani mmene timachezera chidulo cha therere. Phulusa limakhala m'chiwiya chobooka pansi. Madzi amalowa pamwamba, nadutsa m'phulusa, natuluka pansi atasanduka chidulo. M'fakitale namonso timiyala ta katalisiti timakhala m'thanki, mpweya nudutsa pakati pake. Kusiyana kwake ndi uku: phulusa limatha mphamvu, timalitaya. Katalisiti satha. Akasamalidwa bwino amagwira ntchito zaka 10 kapena kupitirira.

Tiyeni titsatire mpweyawo pa ulendo wake.

Choyamba, amatenga gasi wa pansi pa nthaka, namuchotsa sulufule. Sulufule ndi mdani wa katalisiti. Amamatirira pamwamba pake n'kutseka malo onse oterapo. Ngakhale wochepa amaononga. N'chimodzimodzi ndi nankafumbwe m'nkhokwe.

Chachiwiri, gasi uja amamusakaniza ndi nthunzi ya madzi, namupititsa m'mapaipi otentha kwambiri odzaza ndi katalisiti wina wa nikelo. Mmenemo ndimo mumachokera hayidrojeni. Pamatulukanso mpweya wonga umene timatulutsa popuma, wotchedwa kaboni dayokisaidi. Umenewu amaupatula nauika pambali. Nayitrojeni amamutenga mu mpweya wamba.

Chachitatu, makina amapanikiza nayitrojeni ndi hayidrojeni pamodzi. Mpweya wa m'tayala la galimoto timati ndi wolimba. M'fakitale amapanikiza pafupifupi ka 100 kuposa pamenepo. Madzi amawira pa madigiri 100, koma m'thanki ya katalisiti mumatentha madigiri 400 mpaka 500. Mpweya umenewu ndiwo umadutsa pa timiyala ta chitsulo tija.

Chachinayi, si mpweya wonse umene umasanduka amoniya ulendo umodzi. Pa magawo 100, pafupifupi 15 okha ndiwo amasanduka. Tsono amauziziritsa. Amoniya amasanduka madzimadzi, monga nthunzi imachitira pa chivundikiro cha poto, ndipo amamupatula. Mpweya wotsala sautaya. Amaubwezera kwa katalisiti, monga ife posefa ufa timabwezera misere mu mtondo. Umazungulira choncho mpaka pafupifupi wonse utasanduka amoniya.

Chachisanu, amoniya amamukumanitsa ndi kaboni dayokisaidi uja adaikidwa pambali. Pamenepo pamatuluka yureya. Amamuumitsa kuti akhale timibulu toyera, natitumiza kumaiko.

Fakitale yotere sizima dzuwa likalowa. Ikazima, kuitenthetsanso kumatenga masiku ndiponso gasi wambiri. N'chifukwa chake antchito amalandizana, ena usana, ena usiku, miyezi ndi miyezi. Fakitale imodzi yaikulu imatulutsa matani a amoniya oposa 1,000 pa tsiku.

Feteleza wokulitsa amene timathira pobzala, wolembedwa 12-24-12, nayenso adadutsa kwa ankhoswe. Nambala yoyamba ndi nayitrojeni. Yachiwiri ndi fosifeti, wolimbitsa mizu. Yachitatu ndi potashi. Fosifeti amachokera ku miyala yokumba, koma miyalayo amayamba aisungunula ndi asidi. Asidiyo amapangidwa potentha sulufule ndi kupititsa utsi wake pa katalisiti wa vanadiyamu. Njira yake ndi yomweyo: katalisiti ali chikhalire, mpweya ukudutsa.

5. Nanga bwanji za mtengo?

Tabwerera ku funso lachiwiri la mayi aja. Nayitrojeni ndi wa ulere. Katalisiti amakhala zaka zambiri. Chodula ndi gasi. Gasi ndiye amapereka hayidrojeni, ndiyenso nkhuni za fakitale. Gasi akakwera mtengo, yureya nayenso amakwera.

Tinaziona m'zaka za 2021 ndi 2022. Mtengo wa gasi unakwera kwambiri ku Ulaya, ndipo mafakitale ena a amoniya anachepetsa ntchito, ena n'kuima. Mu February 2022 kunabuka nkhondo ya Russia ndi Ukraine. Russia ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa gasi ndi feteleza wambiri. Nkhondo inali kutali, koma ululu wake unafika m'matumba mwathu.

Tionjezepo ulendo. Yureya amene timathira kuno amachokera kunja kwa dziko. Amabwera pa sitima za pamadzi mpaka ku doko la Nacala kapena la Beira. Wa ku Nacala amakwera sitima ya pamtunda kapena malole mpaka ku Cuamba. Kuchoka pamenepo amatsata msewu wa ku Mandimba ndi Ngauma wopita ku Lichinga. Wina amalowera ku Malawi, ndipo anzathu a m'malire amamuona pa msika wa Chiponde. Aliyense womunyamula amaonjezapo yake. Pofika pa njinga yathu, thumba lakwera kangapo.

Kodi mu Africa mulibe mafakitale otere? Alimo. Ku Kafue, m'dziko la Zambia, fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia idayamba ntchito mu 1970, ndipo hayidrojeni wake inkamutenga ku malasha. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, mu 2022 adatsegula fakitale ya Dangote, yomangidwa kuti izipanga matani 3 miliyoni a yureya pa chaka. Amenewo ndi matumba 60 miliyoni a makilogalamu 50.

Dziko lathu la Mozambique nalo lili ndi gasi. Gasi wa ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane, adayamba kupita ku South Africa pa paipi mu 2004. Mu 2010 kudapezeka gasi wina wambiri pansi pa nyanja ku Cabo Delgado, ndipo sitima yoyamba yonyamula gasi wa kumeneko idanyamuka mu November 2022. Tsopano tadziwa kuti gasi si wophikira kapena wa magetsi chabe. Gasi ndi feteleza. Pokambirana za chuma cha dziko, ife alimi tili ndi mau.

6. Tisamubweze ku mpweya

Anzathu, mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi iyi. Nayitrojeni adachokera mu mpweya, ndipo kubwerera kwawo sachedwa.

Yureya akagwa pa nthaka yonyowa amasungunuka. M'nthaka muli katalisiti wina wa chilengedwe amene amamumasula kuti asanduke amoniya. Ngati ali pansi pa dothi, dothi limamugwira, mizu nidya. Ngati ali pamtunda, dzuwa lili phwee, gawo lina limauluka. Moto wonse uja wa m'fakitale, ulendo wonse uja wa pa nyanja, ndalama zonse zija za thonje ndi fodya, zapita ndi mphepo. Choncho tichite izi:

Tipalire tisanathire. Udzu umadya feteleza msanga kuposa chimanga.

Tithire yureya chimanga chikamafika m'mawondo, nthaka ili yonyowa. Tisathire pa nthaka youma gwa, kapena madzi atadikha m'mizere.

Tiboole kadzenje ndi kamtengo pambali pa phesi, motalikira ngati chikhatho. Tithiremo, tikwirire. Tisamwaze ngati tikudyetsa nkhuku.

Yureya asakhudze mbewu kapena phesi. Amatentha.

Tisasakanize yureya ndi phulusa kapena laimu. Zimenezi zimathandiza amoniya kuthawa.

Muyezo wa pa phando tifunse alangizi, pakuti minda imasiyana.

M'nyumba yosungira ya koperativa, matumba akhale pa mitengo, osati pa dothi. Denga lisadonthe. Thumba lotsegula timange pakamwa, chifukwa yureya amakoka chinyezi n'kuundana.

7. Timafakitale ta m'munda mwathu

Pali nkhani ina yokoma. Ife tomwe tili ndi mafakitale a nayitrojeni, osafuna gasi kapena sitima.

Tizule soya, mtedza, nandolo kapena khobwe pamene akuchita maluwa. Tizule bwino ndi khasu, titsuke mizu. Tiona timatuza tomera pa mizuyo. Ena amayesa matenda. Si matenda ayi. M'timatuzamo mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Tizilomboti tili ndi katalisiti wake amene amalekanitsa nayitrojeni wa mu mpweya, n'kupanga amoniya wodyetsa mbewuyo. Ndipo taonani, m'kati mwa katalisiti ameneyu namonso muli chitsulo! Zimene fakitale imachita ndi moto wa madigiri 400, kathuza kamachita mwakachetechete m'nthaka yozizira.

Tidule kathuza kamodzi ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mofiirira, fakitale ikugwira ntchito. Ngati muli moyera kapena mobiriwira, sikugwira.

Soya amafuna tizilombo take take, timene nthawi zambiri m'minda yatsopano timachepa. N'chifukwa chake pali mankhwala opaka ku mbewu, otchedwa inokyulanti. Si feteleza ameneyu, ndi tizilombo tamoyo. Tisunge pozizira, tipake pa mthunzi, tibzale tsiku lomwelo.

Mbewu za mtundu wa nyemba sizilira yureya wambiri. Zimalira fosifeti. Yureya timusungire chimanga. Pamene chaka chino pali soya kapena mtedza, chaka cha mawa pakhale chimanga. Nandolo tibzale pakati pa chimanga, masamba ake ayoyokere m'munda. Tikakolola tisatenthe masangwe ndi mapesi. Moto umabweza nayitrojeni ku mpweya. Tiwakwirire m'mizere, kapena tipange manyowa.

Tisanamizane. Timatuza tokha sitingadyetse chimanga chonse cha koperativa. Koma timapeputsa katundu. Munda wa kasinthasintha ndi manyowa umayankha bwino ngakhale feteleza atachepa. Ndipo chaka chimene mtengo wa thumba wapenga, mlimi wa nandolo ndi mtedza sagona ndi njala.

Tsopano mayi aja tingawayankhe. Amayi, timchere tija sakumba. Ndi mpweya ndi gasi, zogwirizanitsidwa ndi nkhoswe ya chitsulo m'fakitale yosagona. Mtengo wa gasi sitingaulamule ife pano. Koma kukwirira yureya, kusunga masangwe ndi kubzala nyemba, zimenezo zili m'manja mwathu.

Mau atsopano

Tiwerenge mokweza, kenaka tilembe m'makope mwathu:

nayitrojeni: na-yi-tro-je-ni
hayidrojeni: ha-yi-dro-je-ni
amoniya: a-mo-ni-ya
yureya: yu-re-ya
katalisiti: ka-ta-li-si-ti
fakitale: fa-ki-ta-le

Mafunso

1. Kodi chilembo N pa thumba chikuimira chiyani?
2. Katalisiti akufanana bwanji ndi ankhoswe?
3. N'chifukwa chiyani amachotsa sulufule gasi asanafike kwa katalisiti?
4. Mpweya umene sunasanduke amoniya amauchita chiyani?
5. Tchulani zifukwa ziwiri zimene zimakweza mtengo wa feteleza.
6. Tingadziwe bwanji kuti timatuza ta m'mizu tikugwira ntchito?

Masamu

Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Thumba la 12-24-12 la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 6 a nayitrojeni.

1. Koperativa yagula matumba 10 a yureya. Yagula makilogalamu angati a nayitrojeni?
2. Yagulanso matumba 5 a 12-24-12. M'menemo muli makilogalamu angati a nayitrojeni?
3. Tiyerekeze kuti mwa matumba 5 aliwonse a yureya womwazidwa pamtunda, mphamvu ya thumba limodzi yauluka. Pa matumba 10 aja, tataya angati? Pa mtengo wa chaka chino, ndi ndalama zingati?

Tikambirane ndi kuchita

Tigawane m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse likaone nyumba yosungira feteleza. Kodi matumba ali pa mitengo? Kodi denga ndi labwino? Mlembi wa gulu alembe zimene taona.

M'munda wa koperativa tisankhe mizere 20 yofanana. Pa mizere 10 tikwirire yureya, pa ina 10 timusiye pamtunda, muyezo womwewo. Tikhome zikhomo, tilembe tsiku. Pokolola tidzayeze mbali iliyonse payokha, ndipo tidzawerenge zotsatira zake pa msonkhano, tonse tili pomwepo.